TSANKHO LOBISALA MUMTIMA

Mawu okambidwa kwa ophunzira a sukulu za kwacha m'boma la Mchinji

 Masiku ena takhala tikukamba za ulimi wa mtedza, za ukhondo wa pamjigo ndi za kasungidwe ka ndalama. Lero tikamba za chinthu chimene chimakhala m'kati mwa munthu. Dzina lake ndi tsankho.

Tsankho ndi kunyoza munthu, kumuopa kapena kum'mana chinthu kaamba ka khungu lake, mtundu wake, chinenero chake kapena dziko limene adachokera. Munthu watsankho sadikira kuona ntchito za mnzake. Akangomva kumene mnzakeyo achokera, basi mlandu watha, waweruza kale.

Nditati ndifunse kuti, "Watsankho pano ndani? Akweze dzanja," palibe ndi mmodzi yemwe angakweze. Tonse timati tsankho ndi la anthu ena. Timati ndi la azungu akale aja, kapena la anthu a ku Joni. Tsono funso la lero ndi lakuti: nanga mumtima mwathu mulibe?

Inu alimi mumam'dziwa nankafumbwe. Thumba la chimanga limaoneka labwinobwino kunja. Mukalimasula mupeza chimanga chidafumbwa kalekale. Tsankho lina limatero. Mwini wake amapereka moni mwaulemu, amapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, amakhuza maliro. Koma tsankho lili phee mumtima, iye mwini osadziwa. Lero tiyeni timasule thumba, aliyense lake.

TSANKHO LIMENE LIDATIPWETEKA IFE

Tiyambe ndi zimene tikuzidziwa. Ife Amalawi ululu wa tsankho timaudziwa bwino.

Pa nthawi ya atsamunda, munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa. Akapanda kuvula ankakalipiridwa, mwinanso kumenyedwa kumene. M'minda ikuluikulu ya azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Izi ndi zina mwa zinthu zimene zidakwiyitsa Mbusa John Chilembwe, mpaka adaukira boma la atsamunda mu Januwale 1915. Kutsidya kwa malire athuwa, m'matauni a dziko limene lero ndi Zambia, munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'sitolo zina. Ankagula nyama ataima panja, pa kazenera ka kumbali.

Makolo athu ambiri adapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Ena adayenda pansi, ena adapita pa Wenela. Ku Zimbabwe ankawatchula "mabwidi" kapena "mabhurandaya," ngati kuti Mmalawi aliyense kwawo ndi ku Blantyre. Ku South Africa anthu ena amatchula alendo akuda kuti "makwerekwere." Mu Meyi 2008 kudabuka ziwawa zothamangitsa alendo m'dzikolo, ndipo anthu 62 adaphedwa. Mu Epulo 2015 ziwawa zidayambanso ku Durban. Boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ambiri adafika kuno chimanjamanja, katundu yense atatsala komweko.

Kodi ana athuwo adalakwa chiyani? Anthu owamenyawo sankawadziwa ndi mayina omwe. Ankangoti, "Alendo onse akutilanda ntchito. Alendo onse ndi akuba." Onaninso ichi: womenya adali wakuda, womenyedwa adalinso wakuda. Motero tisaganize kuti tsankho limafuna mzungu kuti likhalepo.

Mawu aja akuti "alendo onse ndi akuba" muwasunge. Tikumana nawonso kwathu konkuno.

MAYINA AMENE TIMAPATSA ANZATHU

Malo oyamba amene tsankho limabisala ndi m'mayina.

Cha m'ma 1900 Alomwe ambiri adayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique. Anthu ankawatchula "Anguru." Dzinali lidali lachipongwe. Ena mwa iwo mpaka adaleka kulankhula chinenero chawo pagulu kuopa kusekedwa. M'chaka cha 1943 a Lewis Bandawe ndi anzawo adayambitsa bungwe la Alomwe, napempha boma kuti dzina lonyozalo lilekeke. Boma lidavomera, ndipo m'makalata ake lidayamba kulemba kuti Alomwe. Papita zaka zoposa 80. Kodi dzina lija lidatha m'kamwa mwathu? Kuno ku Mchinji, m'maesiteti a fodya, mwakhala mukubwera matenanti ochokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Tikakhala patokha timawatchula kuti chiyani?

Mnzathu wochokera kumpoto timamuti "mbwenumbwenu," poseka kalankhulidwe kake. Anthu ochokera ku Rwanda, ku Congo ndi ku Burundi timangowaphatikiza, onse "maburundi." Dzina la munthuyo sitifunsa, dziko lake sitifunsa. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi "mabhurandaya" aja? Munthu wachialubino timamuti "napwere" kapena "mzungudala."

Palinso dzina lina lofala kwambiri, lakuti "obwera." Munthu wakhala m'mudzi zaka 30. Ana ake adabadwira momwemo. Abale ake adawaika m'manda a mudzi womwewo. Koma ikafika nkhani ya munda kapena ya komiti timati, "Obwera akhale chete."

Wina anena kuti, "Aa, n'kucheza chabe kumeneko, ndi nthabwala." Chabwino. Njira yodziwira ilipo. Makolo athu adatisiyira chisuweni. Pa chisuweni onse awiri amaseka, ndipo wina akanena, mnzake amabweza. Koma ngati woseka ndinu nokha, mnzanuyo wangozyolika, imeneyo si nthabwala ayi. Ndi chipongwe.

MAWU AKUTI "ONSE"

Malo achiwiri amene tsankho limabisala ndi m'kaliwu kakang'ono aka: "onse."

Tamverani zimene timanena pa bawo, ku chigayo ndi pa mowa. "Amwenye onse ndi oumira." "Akumpoto onse ndi odzikonda." "Angoni onse ndi a mowa." "Achewa onse safuna sukulu." "A ku Mozambique onse ndi akuba ng'ombe." Aliyense wa ife pano ali ndi mtundu wake umene umanenedwa. Mukamva za mtundu wanu mumati ndi bodza lamkunkhuniza. Nanga bwanji za mtundu wa mnzanu mumati n'zoona?

Mwina n'zoonadi kuti munthu wina wa mtundu wakutiwakuti adakuberani kapena adakunamizani. Zimenezo zimapweteka ndithu. Koma taganizani. Akakuberani munthu wa mtundu wanu mumati, "Uje ndi wakuba." Mumatchula dzina lake. Akakuberani wa mtundu wina mumati, "Anthu amenewa ndi akuba." Mlandu wa munthu mmodzi mwausenzetsa anthu zikwizikwi amene simudawaonepo n'komwe.

Pali mwambi wakuti nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mwambiwu ndi woona pa nsomba za m'dengu. Koma anthu si nsomba. M'mimba imodzi mumatuluka mwana wofatsa ndi mwana wovuta. Ngati ana a mayi mmodzi amasiyana chotere, mtundu wathunthu ungafanane bwanji?

Nachi chitsanzo. Mbuzi yasowa m'mudzi usiku. Kusanache n'komwe anthu ayamba kale kuloza ku misasa ya matenanti, kapena kwa mnyamata waganyu wochokera kutsidya. Palibe wamuona. Umboni palibe. Am'gwira, am'menya, mwinanso am'pirikitsa m'mudzimo. Patapita masiku chikopa cha mbuzi ija chipezeka kuseri kwa nyumba ya mwana wa m'mudzi momwemo. Kodi alipo amene amapita kukapepesa? Nkhani zotere mukuzidziwa, si choncho?

TSANKHO LODZINYOZA TOKHA

Pali tsankho lina lobisala kwambiri kuposa lonseli. Ulamuliro wa atsamunda udatha mu 1964, koma zina zimene adatiphunzitsa zidatsalira m'mitu mwathu.

Mwana akabadwa woyererapo timati, "Koma ndiye wokongola, ngati mzungu." Akabadwa wakuda bii timangoti, "Akule bwino." Mwana amamva zimenezi pamene ali kukula. N'chifukwa chake atsikana ndi amayi ena amadzola mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala oopsa. Amawotcha khungu, ndipo ena amawononga impso. Munthu akutaya ndalama zake ndi kuwononga thupi lake pofuna kuthawa khungu limene adabadwa nalo.

Tamveraninso mawu athu. Chinthu chikakhala chabwino timati n'chachizungu. Munthu akachedwa pa msonkhano timati wasunga nthawi yachikuda. Kukabwera alendo awiri a zachitukuko, wina mzungu wina Mmalawi, mpando wabwino timapatsa mzungu, mafunso onse timafunsa mzungu. Chikhalirecho mwina Mmalawiyo ndiye mkulu wa ntchitoyo, ndipo mzunguyo ndi wophunzira chabe. Kulandira bwino mlendo ndi mwambo wathu, tisauleke. Koma ulemu ukhale wofanana kwa onse awiri.

Kuganiza kuti mzungu aliyense ndi wanzeru ndiponso wolemera ndi tsankho. Kuganiza kuti mzungu aliyense kapena mmwenye aliyense ndi woipa mtima, nalonso ndi tsankho.

Kodi khungu n'chiyani makamaka? M'khungu la munthu muli kanthu kotchedwa melanini. Kanthu kameneka ndi kamene kamadetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa. Wina ali nako kambiri, wina ali nako pang'ono. Kusiyana kwake n'komweko basi. Melanini sapatsa munthu nzeru, ndipo sam'landa nzeru. Ku chipatala, pofuna kuika munthu magazi, madokotala safunsa khungu kapena mtundu wa woperekayo. Amayang'ana gulu la magazi, monga A, B, AB kapena O. Magazi a Mtumbuka angathe kupulumutsa Mchewa. Magazi a mmwenye angathe kupulumutsa Mngoni.

ABALE ATHU ACHIALUBINO

Munthu wachialubino amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri, mwinanso wopanda. Zimenezi amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale onsewo akhale akuda. Si tsoka, si matsenga, ndipo si kuti mayi adayenda ndi mzungu ayi. Sizipatsirana pogwirana chanza kapena podyera limodzi. Komabe alipo amayi amene ukwati wawo udatha chifukwa chobereka mwana wotere.

Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lathu lidachita manyazi aakulu. Anthu achialubino, ena mwa iwo ana aang'ono, adabedwa ndi kuphedwa. Manda a ena adafukulidwa. Chifukwa chake chidali bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Mafupa awo ndi ofanana ndi anu ndi anga, mulibe golide kapena mankhwala aliwonse.

Inu munganene kuti, "Ine sindidaphe munthu." Inde, n'zoona. Koma amene amakuwiza mwana wachialubino pamsewu kuti, "Ndalama izo!" kapena amene amakana kudya naye m'mbale imodzi, akuthandiza kuti mwanayo aoneke ngati si munthu. Wakupha amadza pambuyo, njira italambulidwa kale.

Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Iwo adali munthu woyamba wachialubino kusankhidwa pa udindo umenewu m'Malawi muno. Ovota aja adationetsa kuti n'zotheka kuyang'ana munthu osaima pa khungu lake.

KUMENE MAWU AMAFIKITSA ANTHU

Mwina wina afunsa kuti, "Kodi mawu okha angaphe munthu?" Tamverani za dziko la Rwanda. Kumeneko Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi. Ankapemphera m'matchalitchi amodzi ndipo ankakwatirana. Koma kwa zaka zambiri anthu ena ankaphunzitsa kuti Atutsi ndi obwera ndiponso adani. Wailesi ina inkawatchula kuti mphemvu. Mu Epulo 1994 kupha kudayamba. M'masiku pafupifupi 100 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi. Ambiri adaphedwa ndi zikwanje, ndipo owaphawo nthawi zambiri adali anthu oyandikana nawo nyumba. Dzina lonyoza lidatsogola, chikwanje chidadza pambuyo.

Kwathu kuno sizidafike pamenepo, ndipo tithokoze. Komabe kusankhana mitundu kudalowapo m'zochita za boma. M'zaka za m'ma 1970 amwenye adalamulidwa kutseka sitolo zawo za kumidzi ndi kusamukira m'matauni akuluakulu. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kuti aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo. Aphunzitsi ochokera kumpoto adanenezedwa kuti akuchitira dala kusaphunzitsa bwino ana a m'zigawo zina. Mabanja adasokonekera, ndipo sukulu zambiri za m'chigawo chapakati ndi chakumwera zidatsala ndi aphunzitsi ochepa. Amene adavutika kwambiri adali ana.

Ku Dowa kuli kampu ya Dzaleka, imene idatsegulidwa mu 1994 kuti izisunga anthu othawa nkhondo. Ambiri kumeneko ndi ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Mu Meyi 2023 boma lidagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, n'kuwabweza ku Dzaleka. Ena, pamodzi ndi ana awo, adayamba asungidwa kaye ku ndende ya Maula ku Lilongwe. Za malamulo a nkhaniyi tisiyire a boma ndi a makhoti. Ine ndikufunsa za mtima wanu. Mutamva nkhaniyi mudamva chisoni, kapena mudati, "Azipita, akutilanda malonda"? Ngati mudatero, kumbukirani mawu amene ana athu adauzidwa ku Durban. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

KODI WOSABWERA NDANI?

Tisanatchule mnzathu kuti wobwera, tiyeni tione mbiri ya boma lathu lino.

Akuluakulu amatiuza kuti makolo a Achewa adachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo. Limeneli ndi dziko lomwe lija kumene kudachokera anthu ambiri a ku Dzaleka. Angoni adachokera kumwera kwa Africa, ndipo adawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Mwana wake Mpezeni adadzakhazikika m'dera la Chipata, ndipo ena mwa anthu ake adakhala kuno. Poyamba padali nkhondo pakati pa Angoni ndi Achewa. Pambuyo pake Angoni adakwatirana ndi Achewa ndi Ansenga. Lero m'boma lino muli mafumu achingoni monga Zulu ndi Mlonyeni, mulinso mafumu achichewa monga Mkanda ndi Dambe. Ambiri a inu agogo ena ndi Angoni, ena ndi Achewa. Mukanyoza mtundu umodzi, mwanyoza magazi anu omwe.

Nanga malire? Amene adalemba malirewa ndi azungu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Boma lathu lino adalitcha Fort Manning, ndipo Chipata adaitcha Fort Jameson. Mzere wawo udadutsa pakati pa abale. N'chifukwa chake wina ali kuno, amalume ake ali ku Zambia, azakhali ake ali ku Mozambique. Mwezi wa Ogasiti Achewa a m'mayiko atatuwa amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwezi wa Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala. Kumeneko timadya limodzi ngati ana a munthu mmodzi. Nanga bwanji munthu yemweyo akabwera kudzafuna ganyu, kapena kudzagulitsa pa msika wa Kapiri kapena wa Kamwendo, asanduka mlendo wokayikitsa?

Ngakhale nsima imene timadyayi, mbewu yake ndi yobwera. Chimanga, mtedza, chinangwa, mbatata ndi fodya, zonsezi zidachokera ku America zaka mazana apitawo, ndipo zidafika kuno ndi amalonda. Makolo athu akadakana zinthu za alendo, bwenzi lero tikulima chiyani? Paja akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tilinso ndi mbiri yabwino yoti tiziikumbukira. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, dziko lathu lidalandira anthu othawa kwawo oposa 1,000,000. Boma la Mchinji lidali limodzi mwa maboma amene adawalandira. Mafumu adawapatsa malo. Anthu adagawana nawo madzi ndi nkhuni, ngakhale eni akewo adali osauka. Mtima wachifundo umenewo ulimo mwa ife. Ukukhala pamodzi ndi tsankho mumtima umodzi womwewo, ndipo zili kwa ife kusankha choti tizichithirira.

KUWERENGA MUNTHU MPAKA KUMAPETO

Inu mwaphunzira kuwerenga, ndipo mukukumbukira vuto la masiku oyamba aja. Wophunzira akaona zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba, amafulumira kutchula liwu lonse mongoganizira. Mphunzitsi amati, "Ayi, werengani mpaka kumapeto." Taonani mawu awiri awa:

mbale

mbala

Zilembo zinayi zoyamba n'zofanana. Kusiyana kuli pa chilembo chotsiriza. Munthu wofulumira angawerenge kuti "mbala," ndiye kuti wakuba, pamene palembedwa "mbale." Watsankho amawerenga anthu mwa njira yomweyo. Aona khungu, amva kalankhulidwe, basi watchula kale. Munthu tizimuwerenga mpaka kumapeto. Tione ntchito zake, timve mawu ake, tione mmene amakhalira ndi anzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

TIDZIFUNSE TOKHA

Palibe dokotala amene angapime tsankho mumtima mwanu. Mudzipime nokha. Mukakhala panokha dzifunseni mafunso awa, ndipo musadzinamize.

1. Mwana wanga atabwera ndi mkamwini kapena mtengwa wa mtundu wina, wa dziko lina, kapena wachialubino, ndingayambe kufunsa chiyani, khalidwe lake kapena kwawo?

2. Kanthu kakasowa pakhomo, ndimayamba kuganizira yani? Chifukwa chiyani?

3. Posankha komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya banki ya m'mudzi, kodi ndidakanapo munthu wodziwa ntchito chifukwa choti ndi wobwera?

4. Kodi waganyu wochokera kutsidya ndimam'lipira mofanana ndi wa m'mudzi muno?

5. Kodi pali mawu amene ndimanena za mtundu wina, amene sindingawanene mwini wake ali pomwepo?

6. Zimene ndimakhulupirira za mtundu umenewo ndidaziona ndi maso anga, kapena ndidangomva?

Mukapeza kuti tsankho lilimo, musataye mtima. Palibe mwana amene amabadwa nalo. Ana aang'ono amasewera limodzi osafunsana mtundu. Tsankho tidachita kuphunzira kwa akuluakulu, pa bwalo ndi powotha moto madzulo. Chinthu chochita kuphunzira chimatheka kuchileka. Chochititsa manyazi ndi kulipeza tsankholo n'kulisungabe.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, itanani munthu ndi dzina lake kapena chiwongo chake. Ngati simukulidziwa, m'funseni. Kufunsa dzina ndi ulemu.

Chachiwiri, mukadzimva mukunena kuti "onse," imani kaye. Dzifunseni kuti, "Kodi anthu a mtundu umenewu ndikudziwapo angati?" Mwina mupeza kuti ndi awiri kapena atatu okha.

Chachitatu, samalani polankhula pamaso pa ana. Mwana amatola mawu alionse, ndipo mawa akawanena ku sukulu. Mwana wanu wakuda bii muzimuuza kuti ndi wokongola. Mwana wachialubino wa pamudzi panu mum'teteze, ndipo muonetsetse kuti ali ndi chipewa ndi zovala zom'tchinga ku dzuwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachinayi, wina akanena chipongwe pagulu, musaseke nawo. Sikofunika kukangana naye ayi. Ingom'funsani modekha kuti, "Kodi achimwene, munthu ameneyu adakulakwirani chiyani?" Nthawi zambiri yankho limasowa.

Chachisanu, yandikirani. Pitani ku maliro a tenanti monga mmene mumapitira ku maliro a mwini mudzi. Wobwera mumuitane ku kalasi yathu ya kwacha. Phunzirani moni wa m'chinenero chake. N'kovuta kuopa munthu amene mwadya naye nsima.

Kwa inu mafumu athu, pempho langa ndi lakuti pa bwalo mlandu uziweruzidwa potsata umboni, kaya woimbidwa mlanduyo ndi mwana wa m'mudzi, kaya ndi wobwera. Malamulo aakulu a dziko lathu, a chaka cha 1994, pa gawo 20, amaletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chinenero, chipembedzo, kulumala kapena dziko limene adachokera. Koma lamulo limagwira munthu akachita choipa poyera. Mumtima wapolisi safikamo. M'menemo mlonda ndinu nokha.

Amayi ndi abambo, ena a inu mudalowa sukulu ya kwacha muli ndi imvi kale. Anthu ankaseka, amvekere, "Nkhalamba ingaphunzire chiyani?" Adakuweruzani asadaone zimene mungathe kuchita. Lero mukuwerenga kabuku kano nokha. Choncho mukudziwa mmene zimapwetekera kuweruzidwa pasadakhale. Musam'chitire mnzanu zomwezo.



MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALASI

1. Kodi tsankho n'chiyani? Fotokozani m'mawu anuanu.

2. Tchulani mayina onyoza amene Amalawi adapatsidwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Nanga ndi mayina ati onyoza amene amamveka m'dera lanu?

3. Kodi nthabwala ndi chipongwe zimasiyana bwanji?

4. N'chifukwa chiyani mwana amabadwa wachialubino?

5. Kodi m'mudzi mwanu anthu otchedwa obwera amaloledwa kulankhula pa msonkhano? Ngati saloledwa, kalasi yanu ingachitepo chiyani?

NTCHITO YOLEMBA

Ganizirani munthu mmodzi wa mtundu wina kapena wa dziko lina amene adakuthandizanipo. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza zimene adakuchitirani. Mukawerengere anzanu m'kalasi, ndipo ngati munthuyo ali pafupi, mukam'werengerenso iye mwini.